Anyamata odula mitengo ndi makina pa Kasungu: manja abwino, koma malangizo awo musameze onse

Amene mukuganiza zoitana anyamata aja odula mitengo pano pa Kasungu boma, aja amayenda pa njinga yamoto makina atamangirira kumbuyo chingwe chili paphewa, mverani kaye. Ine ndinawalemba ntchito pakhomo pa mayi anga cha kumsewu wa ku Mtunthama uko, nde mwachidule ndinene kuti kudula amatha zedi, bulugamu wotalika kuposa nyumba kangapo anamutsitsa osakhudza lata ngakhale limodzi. Koma mukawafunsa kuti kodi mtengo uwu tiutani, yankho lawo ndi limodzi basi, gwetsani. Mango gwetsani, mbawa gwetsani, chilichonse chokhala ndi thunthu gwetsani. Ngati inuyo simukudziwa chimene mukufuna mudzatsala pambalambanda, dzuwa la Okutobala likukuwambani pakhomo panu pomwe, ndalama mutalipiranso.

Mitengo ya pakhomopo anadzala ndi malemu bambo nthawi imene ankagwira ntchito ku esiteti ya fodya. Amene munakulira kuno mukudziwa kuti malaina ndi bulugamu zinadzaza Kasungu chifukwa cha fodya yemweyu, wowotcha m'mabani uja amadya nkhuni koopsa, wa bale naye amafuna mitengo yomangira zigafa chaka ndi chaka. Mitengo iwiriyi si yakuno ayi, bulugamu kwawo ndi ku Australia, malaina anachokera cha ku India uko, anaibweretsa chifukwa imakula msanga komanso ukadula imaphukiranso. Kumunda kapena kumalire a esiteti ilibe vuto. Kungoti makolo athu mbande zotsala ankabwera nazo kunyumba nkudzala m'mbali mwa khonde, kambande kofika m'bondo, palibe ankaganiza kuti kamtengo kameneka kadzafika poopseza denga. Bulugamu akapeza malo abwino amapitirira mamita 30, tangoganizani chimenecho chili masitepe asanu kuchokera pomwe mayi anu amagona.

Nde kwathuko zinafika poti malaina atatu a kutsogolo atukula khonde, simenti yang'ambika mzere mzere, chitseko cha pabalaza chimachita kukankha ndi phewa. Kuseri kunali bulugamu awiri, mmodzi wopendamira kunyumba ndipo nthambi zake zinkangothothoka zokha ngakhale tsiku lopanda mphepo, ndi khalidwe lake bulugamu limenelo, sachenjeza. Masamba nawo kuunjikana pamalata, mvula ikagwa amasunga chinyontho mpaka dzimbiri kuboola. Zimenezo ndi zimene ndinawaitanira. Panalinso mango wamkulu pabwalo, mbawa mmodzi kumapeto kwa poloti, keshya wa m'malire ndi aneba, ndi msangu kukamunda ka kuseri, koma zimenezi ine sindinaziike pa pulani.

Kumbali yoyankha foni ndiwapatse ulemu, anayankha ndipo anabwera kudzaona malo asanatchule ndalama, zomwe ndi zoyenera chifukwa munthu wokutchulirani ndalama pa foni asanaone pomwe mtengowo uli ameneyo muthaweni. Anabwera kapitawo wawo, bambo wachikulireko wolankhula mofatsa, anazungulira nyumba yonse, kuyang'ana kumwamba, kugogoda mathunthu ndi msana wa chikwanje kumvetsera ngati mkati muli mphako, kenako kuyeza ndi masitepe kuti mtengo ukagwa ufika pati. Pamenepo ndinaona kuti munthuyu ntchito wayiyamba kale.

Ndalama yake sinditchula chifukwa pofika mawa ikhala itasintha, chichokereni Novembala 2023 pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti palibe chokhazikika, ndipo makinawa amamwa petulo wosakaniza ndi oyilo, petulo akasowa pa filing'i amakagula wa m'zigubu nde amakuwerengerani inu. Koma kachitidwe kake ndi aka, ndipo apa mpamene pagona nkhani yonse. Amakutchulirani ndalama ziwiri pa ntchito imodzi, ina yokwera ngati mathunthu atsale anu, ina yotsika kwambiri ngati atenge okha. Nthawi zina akaona mtengo wabwino amati tidula ulere. Ulere? Thunthu la malaina wokhwima limatuluka matabwa omwe akalipentala pamsika amalimbirana, bulugamu ndi mapolo ndi nkhuni zomwe alimi a fodya amagula, mbawa nde musanene, chitseko cha mbawa mukudziwa mtengo wake. Nde munthu amene phindu lake lili mu thunthu mukamufunsa ngati mtengo udulidwe mukuyembekeza ayankha chani? Sindikuti ndi akuba, ndi bizinesi, koma muzidziwa kuti amene akukulangizaniyo ali ndi mbali. Ife tinagwirizana kuti mathunthu a malaina atenge, bulugamu atidulire zidutswa zitsale za mayi, dipoziti ndinatumiza pa Mpamba, yotsala pomaliza. Musapereke yonse poyamba chonde.

Tsiku la ntchito anafika mochedwa, anati m'mawa kwambiri koma anatulukira dzuwa litakwera kale, akuti amasaka petulo. Anali anayi. Atayamba nde ndinasiya kudandaula. Bulugamu wopendama uja panalibe malo oti angomugwetsa wathunthu, mbali iyi nyumba, mbali iyo chimbudzi ndi khola la nkhuku, nde kamnyamata kena kowonda kanakwera mpaka kumwamba chingwe chili m'chiuno, nkuyamba kusadza nthambi imodziimodzi, iliyonse yaikulu amayamba waimanga kaye, chingwecho achikoleka pa mphanda ya pamwamba, anzake pansi achikulunga pa thunthu la mtengo wina kuti kulemera kusawakoke, nthambi ikaduka imalendewera kenako amaitsitsa pang'onopang'ono mpaka pansi. Nthambi zitatha anayamba thunthu lenilenilo kuchokera kumwamba, chidutswa chidutswa, mpaka linatsala lalifupi loti likhoza kugwa osafika pakhoma. Pamenepo kapitawo anatenga makina yekha, kudula kakamwa mbali yomwe akufuna ligwere, kuzungulira kuseri kudula mokwererako pang'ono nkusiya kachigawo kosadula pakati kogwirizira, anyamata akukoka chingwe, thunthu linagona pomwe anajambula ndi phazi. Aneba omwe anadzaza kudzaonerera mpaka anaomba m'manja. Ine mtima unali m'mwamba nthawi yonseyo, osanama.

Pa nkhani ya magetsi anandisangalatsanso. Nthambi ina ya malaina inadutsa pamwamba pa waya wochokera pa polo kubwera kunyumba, kapitawo anakana kuikhudza, akuti bwana iyi pokhapokha a ESCOM azimitse kaye, mtengo wauwisi umadutsa magetsi. Tinakanena, nthambiyo inadulidwa tsiku lina layini itazimitsidwa. Ena akanangoti tiyeni tione, awa ayi.

Koma zodzitetezera ziro. Wokwera uja anakwera chopanda nsapato, mapatapata atasiya pansi, helemeti palibe, magalasi palibe, utuchi ukumuthira m'maso akungopukuta ndi malaya. Chingwe chake chinali ndi mfundo zolumikiza, chaona zambiri. Ndinafunsa kuti nanga atagwa zikhala bwanji, kapitawo anaseka, akuti sanagwepo. Yankho limenelo silinandikhutitse chifukwa atagwa agwera pakhomo panu ndipo mlandu wa kuchipatala kapena woposa pamenepo uyambira pa inu. Kambiranani zimenezi pamaso pa mboni asanakwere, komanso zoti akaswa malata kapena khoma alipira ndani. Pepala lolembedwa alibe, risiti alibe, ine ndinalemba ndekha m'kope nkuwauza asaine.

Tsopano nkhani ya mango. Atamaliza bulugamu, akupuma akumwa thobwa pansi pa mango yemweyo, kapitawo anayamba kuwanyengerera mayi. Akuti amayi, mtengo uwunso ngoopsa, umaitana njoka, usiku mileme, mvula ikayamba mphenzi imakonda mitengo ikuluikulu ngati iyi, bwanji tingomalizira lero lomwe makina adakali pano tikuchotserani pang'ono. Mayi anangomuyang'ana nkuti, mwana wanga, iwe wakhala pati panopa? Bwanji sunakakhale pomwe mwadula paja? Anyamata ake anaseka mpaka kutsamwa thobwa.

Ndipo mayi ankanena zoona. Mango ameneyo ali patali ndithu ndi khoma, nthambi zake sizifika padenga, ndipo ndiye balaza lenileni la pakhomopo. Mtedza amaswera pamenepo, chimanga amatong'olera pamenepo, chinkhoswe cha mlongo wanga chinachitikira pamenepo, maliro a bambo azimayi anakhala pamenepo. Okutobala ndi Novembala nyumba ya malata yopanda siling'i masana simungakhalemo, ndi uvuni, koma pansi pa mango pamakhala kayaziyazi chifukwa kuwonjezera pa mthunzi masamba amatulutsa chinyezi chomwe chimaziziritsa mpweya. Disembala zidzukulu zimadya mango mpaka kukana nsima, otsala mayi amagulitsa pamsewu kupeza ya sopo ndi mchere. Nthambi zouma ndi nkhuni, masiku ano thumba la makala mukudziwa pomwe lafika. Zonsezi munthu akuti zichoke chifukwa cha njoka yomwe imabwera ndi makoswe ndi zinyalala, osati ndi mango.

Chinanso chomwe anyamatawa sanena ndi cha mphepo. Mvula yoyamba kuno imabwera ndi mkuntho, chaka chilichonse timamva madenga asasuka, nyumba, masukulu, matchalitchi, ndipo mukapita kukaona kawirikawiri ndi malo a pambalambanda pomwe mphepo imabwera kuchokera kutali osakumana ndi chotchinga chilichonse. Kasungu ndi chigwa chosalala, kupatula phiri lathu la Kasungu lija ndi timapiri tina, nde malo omwe mitengo inatha ndi fodya ndi makala mphepo imathamanga momwe ikufunira. Mzere wa mitengo woima patali bwino ndi nyumba umaswa mphamvu ya mphepoyo, umagwiranso fumbi la nthawi ya mwera. Nde mtengo womwewo ukakhala pafupi kwambiri umaphwanya denga, ukakhala pa mtunda woyenera umaliteteza. Nkhani ndi mtunda ndi mtundu wa mtengo, osati kukula kokha. Muyezo wanga ine ndi wophweka, mtengo wautali wosachedwa kuthyoka ngati bulugamu uzikhala poti utagwa wathunthu sufika panyumba.

Za mphenzi sanalakwitse kwenikweni, imakondadi chinthu chachitali, ndipo kubisala mvula pansi pa mtengo kukuchita ziphaliwali ndi kudziika pangozi, anawo muziwauza alowe m'nyumba. Koma pakhomopo wamtali kuposa zonse anali bulugamu yemwe anali atagona kale pansi.

Pa mizu napo ndiwavomereze, zomwe anafotokoza zoti mizu ya malaina ndiyo inatukula khonde ndi zoona ndipo tinaziona ndi maso titakumba m'mbali mwa khonde, mizu yonenepa ngati ntchafu ikuyenda pansi penipeni pa simenti. Anthu timaganiza kuti mizu imalowa pansi molunjika, koma yambiri imayenda chopingasa m'dothi la pamwamba pomwe pali mpweya ndi chinyontho, ndipo imafika kutali kupitirira pomwe nthambi zalekezera. Ikamanenepa chaka ndi chaka imatukula chilichonse chopepuka, khonde, ngalande, fensi ya njerwa. Amene munamanga cha kumadambo pa dothi la makande vuto lanu ndi lina, dothi limenelo limafufuma likanyowa nkunyala likauma, nde mtengo waludzu ukamamwa madzi mbali imodzi ya nyumba m'chilimwe, mbali imeneyo maziko amatsika, khoma nkuchita mng'alu womwe umatseguka Okutobala nkutsekeka mvula ikagwa. Pa dothi la mchenga lomwe lachuluka madera ambiri kuno zimenezi sizivuta kwambiri. Mapaipi ndi thanki ya chimbudzi, mizu siboola paipi yabwinobwino, imalowa pomwe pakudontha kale, koma ikalowa imadzaza mpaka kutseka. Kachere ndi mkuyu ndiwo akatswiri pa zimenezi, kachere akamera pakhoma kapena pa chitsime zulani adakali kakang'ono musamvere chisoni.

Pomwe anandikhumudwitsa kwenikweni ndi pa keshya wa m'malire. Ndinawapempha kuti angochepetsa nthambi zomwe zinalowa kwa aneba, ine ndinachokapo pang'ono, pobwera ndinapeza amudula mutu wonse, kwatsala thunthu lokha ngati polo. Akuti aphukira bwana musadandaule. Aphukiradi, keshya safa wamba, koma mphukira zotuluka pa bala lotero zimabwera zambiri nthawi imodzi, zimangogwira kukhungwa osati mkati mwa thunthu, bala lalikululo limamwa mvula nkuyamba kuola, chiswe nkulowa, nde pakapita zaka zingapo muli ndi nthambi zolemera zokhala pa chinthu chowola. Ndiko kupanga ngozi yomwe kunalibe. Kusadza kwabwino nkuchotsa nthambi yonse pomwe yatulukira, kusiya kakhosi kake kotupa kaja kuti bala lipole, ndipo umayamba wacheka pansi pake pang'ono kuti ikamagwa isang'ambe khungwa. Pa bulugamu ankachita zimenezi bwinobwino poopa malata, pa keshya anangofuna kuweruka. Nde musachokepo, imani pomwepo muziloza nthambi ndi chala.

Mbawa ankamufuna kwambiri, anabwereza katatu konse mpaka kunditengera pambali. Ndinakana. Mtengowo uli kutali ndi nyumba, ndi wathanzi, palibe yemwe wamulakwira. Komanso mbawa, mlombwa ndi mitengo ina yachilengedwe si yongodula mwachisawawa ngakhale ili pakhomo panu, lamulo la zankhalango la 1997 lomwe analikonzanso mu 2020 nkukhwimitsa zilango lilipo, nde pitani kaye ku ofesi ya zankhalango pa boma mukafunse musanalole munthu kuika makina pamtengo wotero. Matabwa akawagwira pa rodibuloko funso loyamba ndi loti achokera kwa ndani. Msangu sanaufune nkomwe, mwina chifukwa cha minga, ndipo zinakhala bwino, mtengo umene uja umayoyola masamba nthawi ya dzinja nkuphuka m'chilimwe, chimanga pansi pake chimapeza dzuwa ndi manyowa, alangizi akhala akutiuza kuyambira kalekale.

Kusesa pomaliza, mmm. Mathunthu awo a malaina anadzawatenga ndi ngolo tsiku lomwelo, changu chake chosaneneka. Koma masamba ndi tinthambi anangoti mbwee pabwalo ponse, maluwa a mayi oponderezedwa, utuchi mpaka m'ndowa za madzi. Zidutswa za bulugamu zomwe tinagwirizana anadula zazitali zoti mayi sanganyamule, petulo akuti watha. Ndinawadula pang'ono pa ndalama yotsala, anang'ung'udza koma analandira.

Amene muli ndi mitengo ikuluikulu ndipo mukukayika ngati yafika poitana anthuwa, zungulirani muone nokha kaye. Bowa akamera patsinde kapena pathunthu ndiye kuti mkati mukuola. Njira za chiswe zokwera ndi thunthu, mphako, nthambi za kumwamba zouma pomwe zinzake zili zobiriwira, khungwa losweka pa mphanda pomwe mathunthu awiri akumana mothinana, zonsezo ndi zizindikiro. Choopsa kwambiri ndi mtengo womwe wayamba kupendama chaposachedwa ndipo dothi la mbali inayo latukuka kapena lang'ambika, umenewo mizu yayamba kuzuka, musagone mbali imeneyo ya nyumba. Ndipo ntchitoyi chitani mvula isanayambe, Ogasiti, Seputembala, pomwe pansi pali pouma ndipo thunthu siliterera. Mukadikira Januwale dothi litafewa mitengo ikugwa yokha, anyamatawa amakhala otanganidwa ndipo ndalama amatchula yomwe akufuna. Zikugwirizananso bwino chifukwa nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka 15 Epulo, nde mukadula m'chilimwe mumakhala ndi nthawi yokonza maenje. Ife tikuika magwafa ndi mapapaya cha kufupi, peyala kutaliko, bulugamu ngati tidzadzalenso ndi kumunda.

Nde ndingawaitanenso? Eya, pa mtengo woopsa woti munthu wa nkhwangwa sangathe, ndiwaitana mosakayika ndipo ndawatumizira kale ankolo anga a ku Chinkhoma omwe ali ndi bulugamu pamwamba pa shedi ya fodya. Pa kusadza kokha ayi, bola mnyamata wa chikwanje wa pamudzi yemwe amamva zomwe ukumuuza. Pa malangizo oti uti udulidwe uti utsale, ameneyo akhale inuyo ndi eni khomo, kapena mufunse mlangizi wa zankhalango yemwe sakufuna thunthu lanu.

Ndipo pa bajeti yanu muikepo zitsa, chifukwa iwo zitsa sazula, amati si gawo lawo ndipo sanena mpaka mutafunsa. Malaina ndi bulugamu ukangosiya chitsa mvula yoyamba chimatulutsa mphukira zambirimbiri, mizu ija pansi pa khonde ikadali yamoyo ikupitiriza ntchito yake. Kapitawo anati tithire oyilo wakutha wa galimoto, ine ndinakana chifukwa chitsime cha mayi chili pafupi, zimenezo zikalowa pansi timwa ndife. Kuwotcha nakonso pafupi ndi khoma sikungatheke. Chatsala nkulemba aganyu akumbe ndi makasu ndi nkhwangwa, chitsa chimodzichimodzi, ndipo omwe ndawafunsa atachiona cha malaina wapakati uja anatchula ndalama yotsala pang'ono kufanana ndi yomwe ndinalipira pogwetsa.